Tizilonda Titatu Tisatinyenge

Amayi anzanga, mlungu uno ndapatula tsamba lathu kuti tikambirane za matenda a m'chifuwa amene amafika pa mpeni wa dokotala, makamaka za masiku amene wodwala watuluka m'chipatala nabwerera m'manja mwathu. Kale munthu akachitidwa opaleshoni ya m'chifuwa, aliyense ankadzionera yekha kuti pachitika zazikulu, pakuti chilonda chake chinkayambira kumsana, kudzera kunsi kwa phewa, mpaka kudzafika pafupi ndi bere, ndipo nthiti zinkachita kukanulidwa ndi chitsulo kuti manja a dokotala alowe. Lero m'zipatala zambiri zazikulu za pa dziko lapansi odwala ochuluka sang'ambidwanso chotero. Dokotala amaboola timabowo tiwiri kapena titatu pakati pa nthiti, nthawi zina kabowo kamodzi kokha, nalowetsa kamera yowonda ngati cholembera pamodzi ndi zipangizo zazitali, ndipo amagwira ntchito yake akuyang'ana pa kanema. Njira imeneyi eni ake amaitchula mwachidule kuti VATS. Ndi njira yabwino ndithu, ndipo sindikufuna kuinyoza. Koma yabwera ndi vuto limene silionekera kuchipatala, limaonekera pakhomo pathu. Tizilonda take n'tating'ono kwambiri, kotero kuti achibale obwera kudzazonda matenda amangoti akationa, "Aa, kodi n'zomwezi? Ndiye mwachiratu apa."

Sadachire ayi. Akuluakulu adanena kuti chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. Kunja kuli tizilonda tosaposa kutalika kwa chala, koma m'kati ntchito imene yachitika ndi yomweyo imene ikadachitika pa chilonda chachikulu chija. Phapo la kumanja lili ndi zigawo 3, la kumanzere lili ndi 2, ndipo ngati matenda afuna kuti chigawo chimodzi chichoke, chimachoka chathunthu, kutulukira pa kabowo komweko. Ngati m'chifuwa mudadzaza mafinya chifukwa cha chibayo kapena chifuwa chachikulu, dokotala amawachotsa, nasenda kachikopa kolimba kamene kadakuta phapo n'kuliletsa kufufuma. Nthawi yonse ya opaleshoni phapo la mbali imeneyo limakhala litaphwetsedwa, wodwala akupuma ndi limodzi lokha. Pomaliza dokotala amalifufumitsanso, nasiya paipi yotulutsa mpweya ndi madzi otsalira. Koma phapo loterolo lili ngati nsalu imene yakhalitsa yopindidwa m'sutikesi, imene siwongoka mpaka wina aitambasule. Wotambasula wake ndi mwini chifuwa, pakuti palibe namwino, mkazi kapena mwamuna amene angapume m'malo mwa mnzake.

Nzeru yosuzumira m'chifuwa popanda kuching'amba si yatsopano. Dokotala wa ku Stockholm, Hans Christian Jacobaeus, adayamba kutero mu 1910, ndipo pambuyo pake ankagwiritsa ntchito njirayi pa odwala chifuwa chachikulu, mankhwala ake asanapezeke. Kamera ndi kanema zidadzalowapo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo mu 2010 dokotala wa ku Spain, Diego Gonzalez Rivas, adachotsa chigawo cha phapo kudzera pa kabowo kamodzi. Chimene ndifuna mugwire ndi ichi. Ku Britain kudachitika kafukufuku wotchedwa VIOLET, amene zotsatira zake zidatuluka mu 2022. Adatenga anthu 503 oyenera kuchotsedwa chigawo cha phapo chifukwa cha khansa, ena nachitidwa mwa timabowo, ena mwa kung'amba. A timabowo adamva ululu wocheperapo ndipo patapita milungu 5 matupi awo anali ndi mphamvu kuposa anzawo. Koma masiku ogona m'chipatala adasiyana pang'ono chabe: 4 kwa awa, 5 kwa awo. Phindu lilipo, koma si la munthu wodzuka lero n'kukagwira khasu mawa.

Mwina wina afunsa kuti nkhaniyi itikhudza bwanji ife. Itikhudza chifukwa anthu akwathu ena amakachitidwa opaleshoni zotere ku South Africa, ku India kapena ku Britain kumene kuli ana awo, kenaka n'kubwera kudzachirira kumudzi, kutali ndi dokotala amene adawagwira. Komanso zambiri zimene ndikambe pano zithandiza ngakhale amene adangoikidwa paipi m'nthiti pofuna kutulutsa madzi kapena mafinya, monga zimachitikira ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre ndi ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe. Inu amene mukudikira wodwala wa paipi yotere, botolo lake likhale pansi nthawi zonse, m'munsi mwa chifuwa. Musalikweze pa bedi, musalipendeke, musakhuthule madzi ake nokha, ndipo muone kuti paipi isapindike pamene wodwala akutembenuka. Akafuna kuyenda, anyamule botolo mmunsi monga anyamulira ndowa yaing'ono, ndipo ayende ndithu.

Tsono tibwere pakhomo. Ife timalakwitsa m'njira ziwiri, ndipo kulakwa kwake kumatsata amene wadwala. Akakhala bambo, timawakonda mopitirira. Timawayalira m'chipinda, kutseka mazenera, kuwafunda mabulangete awiri, kuwabweretsera madzi osamba ndi chakudya pomwepo, ndipo akati atsokomole timathamanga n'kuti, "Pepani bambo, musadzivute, mungatsegule chilonda." Akakhala mayi, zimatembenuka. Tsiku lachitatu atafika apongozi ayamba kale kuyang'ana kumtondo, ana akulira njala, bambo akufunsa malaya awo, ndipo mayi uja poopa kutchedwa waulesi amamanga chitenje natenga ndowa. Bambo uja angathe kudwala chibayo chifukwa chogona, mayi uja angathe kubwerera kuchipatala chifukwa chosenza. Onse awiri alandidwa ntchito imene idali yawo m'milungu imeneyi.

Ntchito yoyamba ndi kupuma. Munthu wa ululu m'nthiti amapuma pang'onopang'ono, mwapamwamba, osadziwa n'komwe kuti akutero. Akatero, timatumba ta mpweya ta kunsi kwa phapo timakhala tophwa, makhololo amaunjikana m'menemo, ndipo tizilombo timapeza pogona. Umu ndi m'mene chibayo chimayambira pambuyo pa opaleshoni. Kupewa kwake sikulira ndalama. Wodwala akhale tsonga pa mpando, mapewa ali ofewa, dzanja lili pa nthiti za m'munsi. Akoke mpweya ndi mphuno mosafulumira mpaka amve nthiti zikukankha dzanja lake, augwire akuwerenga mumtima mpaka 3, kenaka autulutse ndi pakamwa modekha. Achite chotero ka 5 mpaka ka 10, ora lililonse pamene ali maso. Ndanena ora lililonse, osati m'mawa ndi madzulo ngati mapemphero a pabanja. Amene alibe wotchi amvere wailesi ikamatchula nthawi, kapena mwana atchere belu la pa foni. Ena amapatsidwa kuchipatala kachipangizo ka pulasitiki kokhala ndi timipira m'kati. Kameneko n'kokokera mpweya m'kati kuti timipira tikwere, si kouzira ngati moto. Achite monga namwino adawaonetsera.

Akatha kupuma chotero atulutse mpweya mwamphamvu kukamwa kuli yasa, ngati munthu wopumira pa kalilole kuti achite nthunzi, kawiri kapena katatu, ndipo akamva makhololo akwera, atsokomole. Apa ndi pamene pali mantha. Pindani chitenje kangapo, kapena tengani pilo, ndipo wodwala achipanikize pa tizilonda ndi mkono wake pamene akutsokomola. Ululu umachepa, mtima umakhazikika. Ulusi umene dokotala adasoka suduka ndi chifuwa, ndipo iye mwini amayembekeza kuti wodwala azitsokomola. Masiku oyambirira makhololo angathe kutuluka ndi timizere ta magazi akale odera, ndipo zimenezi zokha si zoopsa. Madzi akumwa okwanira amafewetsa makhololo. Mankhwala oletsa kutsokomola a m'golosale asamwedwe popanda chilolezo cha dokotala, chifukwa amatsekera m'kati zimene tikufuna zituluke.

Koma munthu sangapume mozama kapena kutsokomola ngati ululu wamugwira, ndipo apa ndiyenera kutsutsana pang'ono ndi mwambo wathu. Ife amayi tidaphunzitsidwa kupirira. Kuchinamwali adatiuza, pobereka adatiuzanso, ndipo mkazi wosabuula timamutamanda. Kupirira kumeneko kuli ndi malo ake, koma pa chifuwa chochitidwa opaleshoni n'kovulaza. Mankhwala oletsa ululu amwedwe pa nthawi imene dokotala adalemba, osadikira kuti ululu ufike posauzana, ndipo n'kwanzeru kuyenda kapena kutsokomola patapita theka la ora chimwereni mankhwala. Panado wa 500 mg munthu wamkulu amamwa mapiritsi 2 nthawi imodzi, osaposa ka 4 pa maola 24, kutanthauza kuti asapyole mapiritsi 8. Kupyola pamenepo kumaononga chiwindi mwakachetechete. Munthu wowonda wosafika makilogalamu 50, wodwala chiwindi, kapena amene ali pa mankhwala a chifuwa chachikulu afunse kaye muyezo wake. Chenjeraninso kuti mankhwala ambiri a chimfine ali ndi mankhwala omwewo a mu Panado m'kati mwake. Brufen amamwedwa munthu atadya, ndipo si wa anthu a zilonda za m'mimba kapena a vuto la impso. Mankhwala amphamvu monga morphine ndi codeine amadzimbiditsa, choncho papaya, ndiwo zamasamba ndi madzi zisasowe.

Ntchito yachiwiri ndi kuyenda. M'zaka za m'ma 1990 dokotala wa ku Denmark, Henrik Kehlet, adaonetsa kuti odwala ochitidwa opaleshoni ya m'matumbo amachira msanga akawachepetsera ululu bwino, kuwadyetsa ndi kuwayendetsa mofulumira m'malo mowagoneka masiku ambiri. Nzeru imeneyi idafalikira ku opaleshoni zina, ndipo malangizo a opaleshoni ya mapapo amene madokotala a ku Ulaya adatulutsa mu 2019 amati wodwala adzutsidwe asanathe maola 24. Mukaona namwino akudzutsa amuna anu m'mawa mwake mwa opaleshoni, musamuyese wankhanza. Kuyenda kumatsegula phapo koposa kupuma kwa pa mpando. Kumaletsanso magazi kuundana m'mitsempha ya m'miyendo, pakuti chibuluma cha magazi chikachoka m'mwendo n'kukatseka mtsempha wa m'phapo, munthu angathe kufa mwadzidzidzi.

Kunyumba wodwala adziikire malire ake ooneka ndi maso. Lero afike pa nkhokwe n'kubwerera, katatu kapena kanayi pa tsiku. Mkuja afike pa mtengo wa mango. Mlungu wamawa afike pa mjigo, chimanjamanja, kukangopereka moni. Tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha. Ayende m'mawa ndi madzulo dzuwa litapepa, ndipo masiku oyambirira pakhale womuperekeza. Kupuma mwabefu pang'ono poyenda si chizindikiro choti aleke, makamaka kwa amene adachotsedwa chigawo cha phapo. Muyezo wake ndi wakuti azitha kuyankhula akuyenda. Akalephera kumaliza mawu, aime, apume, kenaka apitirize. Masana agoneko pang'ono, chifukwa kutopa kwa pambuyo pa opaleshoni n'kwenikweni ndipo kumatenga milungu, koma tsiku lonse lisathere pa mphasa. Asaiwalenso phewa la mbali ya tizilonda, limene limauma msanga munthu akamaliopa. Kangapo pa tsiku akweze mkono pamwamba pa mutu mofatsa, ayendetse zala pa khoma kukwera nazo, apese tsitsi ndi kumanga duku ndi dzanja lomwelo.

Tsopano za ntchito za pakhomo, ndipo pano ndikuyankhula ndi inu amene mwadwala ndinu eni nyumba. Zipatala zimasiyana pang'ono pa malangizo, koma zambiri zimaletsa kunyamula zolemera kwa milungu 4 mpaka 6, ndipo zolemera zimene akunena zimayambira pa makilogalamu 5 kapena cha pomwepo. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Ndowa yathu ya malita 20 ndiye kuti ndi makilogalamu 20, ndipo choopsa kwambiri si kuyenda nayo pamutu koma kuitukula kuchoka pansi, pamene minofu yonse ya m'nthiti imakokeka munthu atagwira mpweya. Kusinja n'chimodzimodzi. Kuwaza nkhuni, kusenza mtolo, kulima, kufinya bulangete lonyowa, kuvundula nsima ya anthu 10 mu mphika waukulu, zonsezi zidikire. Mwana wa chaka chimodzi amalemera pafupifupi makilogalamu 9, ndipo mbereko imadutsa pa tizilonda penipeni. Mayi akhale pansi, mwana akwere yekha pa miyendo kapena wina amuike, ayamwe, aseweretsedwe, koma kumsana apite kwa azakhali ake. Ntchito zopepuka zilipo ndipo n'zabwino kuti mayi asamadzione ngati mlendo m'nyumba mwake: kusankha nyemba, kusadzula ndiwo, kusoka, kuyang'anira ana akulemba za kusukulu.

Ndikudziwa zimene mukunena mumtima. Mukuti, "Wolemba uyu akuyankhula ngati tili ndi antchito." Tilibe, n'zoona. Koma tili ndi mwambo umene umagwira kale ntchito imeneyi. Mayi akakhala m'chikuta palibe amene amamutuma kudambo. Amayi ake, achemwali ake ndi anansi amagawana madzi, nkhuni ndi moto popanda kuitanidwa, chifukwa khanda likuoneka ndi maso. Chosowa pano n'chakuti chilonda cha m'phapo sichioneka, ndiye chiyenera kunenedwa ndi pakamwa. Mbewa ya manyazi idafera kuuna. Musanatuluke m'chipatala pemphani dokotala kapena namwino kuti alembe m'kabuku kanu ntchito zoletsedwa ndi milungu yake, ndipo ngati n'kotheka awauze amuna anu pamaso panu. Mawu omwewo akachokera kwa inu amamveka ngati dandaulo, akachokera kwa dokotala amamveka ngati lamulo. Opaleshoni ikakhala yodziwikiratu tsiku, ufa ugayitsidwiretu, nkhuni ziunjikidwiretu, ndipo mtsikana kapena mchemwali wodzathandiza apezekeretu. Nanunso amayi a Mvano, a Chigwirizano, a Dorika ndi magulu ena a mipingo, nyimbo ndi pemphero zimalimbitsa mtima, koma pobwera kudzazonda mnzanu wotere aliyense abwere atasenza ndowa ya madzi. Ndipo apongozi amene mukuwerenga tsamba lino, mtengwa wanu akakana kusinja mwezi umodzi sakukunyozani. Akudzisunga kuti adzakusinjireni zaka zikubwerazi.

Utsi ndi mdani wina amene tidamuzolowera mpaka sitimuonanso. Khitchini yathu ya mafuwa atatu, yopanda zenera, imatsokomoletsa ngakhale munthu wabwinobwino. Wochira opaleshoni ya phapo asakhalemo. Ngati palibiretu wina wophika, moto ukolezedwe panja, iye akhale kumene mphepo ikuchokera. Mbaula ya makala isalowe m'chipinda chotseka ngakhale kuzizire chotani mu June ndi July. Posesa muwaze madzi kaye. Za fodya sindichulutsa mawu: wosuta amachedwa kupola ndipo amagwidwa chibayo msanga, n'chifukwa chake madokotala amafuna kuti munthu aleke milungu 4 opaleshoni isanachitike. Bambo amene adaleka pokonzekera opaleshoni asayambirenso, ndipo anzawo obwera kudzacheza akasutire kumsewu. Wa chimfine apereke moni ali pakhomo.

Pa chakudya, tisamangirire wodwala pa phala lamadzi ngati kuti adachitidwa m'mimba. Thupi likumanga mnofu watsopano ndipo lifuna nyemba, nandolo, nsinjiro, usipa, mazira, mkaka, ndi nyama ikapezeka. Chilakolako cha chakudya chimachepa masiku oyamba, choncho adye pang'ono koma kawirikawiri.

Tizilonda tikhale toyera ndi touma. Musapakepo phulusa, mafuta, mankhwala a zitsamba kapena china chilichonse chimene achipatala sadanene, ndipo kusamba kwa mumtsinje kapena m'nyanja kudikire mpaka titapoleratu. Pamene padali paipi kawirikawiri pamatsala ulusi umene umachotsedwa patapita mlungu umodzi kapena kuposerapo pang'ono. Funsani tsiku lake, ndipo namwino wa chipatala chapafupi angathe kuuchotsa. Pali chinthu china chimene chimadetsa nkhawa amayi ambiri ndipo amachita nacho manyazi. Kunsi kwa nthiti iliyonse kumadutsa mtsempha wa kumva, wochokera kumsana kupita kutsogolo. Zipangizo za dokotala zikaukhudza, munthu amamva dzanzi, kuyabwa, kutentha kapena kulasa, osati pa chilonda pokha koma kutsogolo, kunsi kwa bere ngakhale pa bere penipeni. Si matenda atsopano ndipo si kulodzedwa. Zimachepa pakapita milungu kapena miyezi, ndipo zikakhala zosautsa alipo mankhwala ake osiyana ndi Panado, amene dokotala angalembe. Chovala cha m'kati chothina kapena cha waya chimakhula pomwepo, ndiye valani chofewa. Pogona, ambiri amapeza bwino atatsamira mapilo awiri kapena atatu, ndipo podzuka ayambe atembenukira cham'mbali, natsamira mkono wa mbali yabwino. Za m'banja palibe tsiku loikika. Munthu akamayenda mtunda wabwino osabanika ndipo tizilonda tapola, angathe kuyamba mofatsa, chifuwa chisapanikizidwe, ndipo wonena kuti nthawi yakwana akhale wodwalayo.

Amene adachitidwira kunja asathamangire ulendo wobwerera. Mpweya wotsalira m'chifuwa umafufuma ndege ikakwera m'mwamba, choncho dokotala ayambe wajambula chifuwa ndi kuvomereza tikiti isanagulidwe. Basi yochokera ku Johannesburg kudzera ku Beitbridge, Harare ndi Tete imatenga koposa tsiku lathunthu, ndipo kukhala malo amodzi nthawi yotalika chotero ndi kumene kumaunditsa magazi m'miyendo. Wodwala atsike ndi kuyenda paliponse basi yaima, azigwedeza mapazi ali pa mpando, amwe madzi, ndipo katundu anyamule ena. Makalata onse a kuchipatalako, zithunzi za chifuwa ndi maina a mankhwala zikhale m'chikwama cha m'manja, pakuti dokotala wa kuno adzayambira pamenepo.

Pali zizindikiro zimene siziyenera kudikira kuti kuche kapena kuti abale ayambe akhala pansi kukambirana. Befu likamakula m'malo mochepa, kapena likabwera mwadzidzidzi pamodzi ndi kulasa kwa m'chifuwa, pitani kuchipatala nthawi yomweyo. Chimodzimodzinso thupi likatentha kufika madigiri 38 kapena wodwala akamanjenjemera, ndipo musangoti ndi malungo n'kugula mankhwala, pakuti kutentha thupi pambuyo pa opaleshoni yotere kuyenera kuonedwa ndi wachipatala ngakhale malungo atapezekadi. Makhololo akasanduka obiriwira kapena onunkha, magazi ofiira akamatuluka ochuluka potsokomola, chilonda chikafiira, kutupa ndi kutulutsa mafinya kapena madzi ambiri, mtima ukamathamanga mosalongosoka, mwendo umodzi ukatupa ndi kuwawa kunsi kwa bondo, zonsezi n'zothamangira. Chinanso chachilendo ndi kutupa kwa pa chifuwa, khosi kapena nkhope, kumene mukakudina kumalira ngati mukufinya pepala la pulasitiki. Umenewo ndi mpweya umene ukutuluka m'phapo n'kulowa kunsi kwa khungu. Ndalama ya galimoto kapena ya njinga yamoto ya ulendo wotere isungidwe padera kuyambira tsiku lotuluka m'chipatala, ndipo aliyense m'nyumba adziwe pamene ili.

Opaleshoni imachotsa mafinya kapena chotupa, koma nthawi zambiri sichotsa chimene chidayambitsa. Ngati gwero lake lidali chifuwa chachikulu, mankhwala ake a miyezi 6, kapena kuposerapo monga achipatala anenera, amwedwe mpaka tsiku lomaliza ngakhale munthu akumva bwino. Amene ali pa ma ARV, pa mankhwala a shuga kapena a kuthamanga kwa magazi apitirize monga adauzidwira. Kachidutswa kamene dokotala adachotsa kamatumizidwa kukapimidwa, ndipo yankho lake ndi limene limanena ngati pafunika chithandizo china, makamaka pa khansa. Chifukwa chake tsiku lobwerera kukaonana ndi dokotala lisaphonyedwe ngakhale tizilonda titapola bwino chotani. Mlungu wotsatana ndi tsikulo wodwala alembe, kapena auze mwana alembe, mtunda umene akuyenda tsopano, mapiritsi a ululu amene akumwabe pa tsiku, pamene pali dzanzi, ndi mafunso ake onse: ayamba liti kusenza madzi, kulima, kupalasa njinga kapena kubwerera ku ntchito ya ku ofesi. Pepalalo alipinde m'kabuku ka kuchipatala, ndipo polowa kwa dokotala alitulutse yekha.